Ndinaiwala Bere kwa Chibwenzi Changa

1

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine si woyera mtima. Ndikunena zimenezi chifukwa kwa zaka zinayi amayi a kutchalitchi kwathu ankandiyang'ana ngati ndangotsika kumwamba dzulo madzulo, ndipo ine sindinawatsutsepo ngakhale tsiku limodzi. Ulemu umakoma, abale anga, ngakhale wakuba.

Ndinapezeka ndi khansa ya m'mawere ndili ndi zaka 41. Anandidula bere lakumanzere, anandithira mankhwala aja othothola tsitsi mpaka nsidze zomwe, kenako anati sakuonanso kanthu. Madokotala sakonda kunena kuti wachira. Amangoti, "Pakadali pano zili bwino, tionane pakatha miyezi isanu ndi umodzi," ngati munthu amene wakukhululukira koma sanaiwale.

Za kudwalako sindikambapo zambiri. Anthu amaikonda nkhani imeneyo chifukwa ili ndi misozi. Imene safunsa ndi ya pambuyo pake, odzazonda onse atabalalika. Ine ndimakonza tsitsi, ndili ndi kasaluni ka mipando itatu. Kale ndinkaluka mitu inayi patsiku, uku ndikucheza. Pano ndikaluka iwiri, dzanja lakumanzere limatupa ngati mtsamiro. Mapiritsi amene ndimamwa m'mawa uliwonse amanditenthetsa thupi mwadzidzidzi, moti kasitomala amakhala pansi pa chowumitsira tsitsi koma wotuluka thukuta n'kukhala ine. Mawondo amalira. Mutu umaiwala. Tsiku lina ndinafunafuna chipeso theka la ola chili m'tsitsi mwanga momwe.

Ndiye panali nkhani ya mwamuna wanga. Imeneyo aliyense ankaidziwa, ngakhale ogulitsa tomato pageti. Anachoka pakhomo patangotha milungu itatu nditachitidwa opaleshoni, atanyamula chikwama chimodzi. Achemwali anga anamupatsa dzina lakuti Wothawa, ndipo dzinalo linamukakamira. Mwana wathu mmodzi yekhayo, mtsikana amene timamutcha Loya chifukwa anayamba kutsutsa anthu asanamere mano, anali ndi zaka 15. Anafufuta nambala ya bambo ake pafoni, n'kudula nkhope yawo pa zithunzi zonse za pabalaza. Anadula mwaluso, ndi sizasi yanga ya kusaluni.

2

Achemwali anabwera kudzandidwazika kwa mwezi umodzi. Zaka zinayi zinatha chikwama chawo chikadali pamwamba pa kabati yanga ya zovala.

Ndi mayi wamasiye, ndipo moyo wawo wonse ankayang'anira atsikana pasukulu yogonera komweko. Atapuma pantchito anasowa woti azimulondera, ndiye Mulungu anawapatsa ine. Shuga anabisa. Zokazinga analetsa. M'mawa uliwonse ankanditengera kapu ya madzi obiriwira, onunkha ngati kapinga wongotchetcha kumene.

"Imwa. Ndamva kuti amapha tizilombo ta khansa."

"Khansa ilibe tizilombo, achemwali."

"Waona? Ndiye kuti akugwira ntchito."

Ndikaseka kwambiri, ankati ndidzitopetsa. Ndikavala diresi yogwira thupi, ankati, "Munthu amene Mulungu anamubweza pakhomo pa manda savala choncho." Ndipo mwezi uliwonse ankandiimika kutsogolo kwa mpingo kuti ndipereke umboni. Ndinkanena za matenda pang'ono, kenako iwo ankafuula ali pampando, "Nenanso za mwamuna uja!" Ine ndinkangoweramitsa mutu. Amayi ankalira, ena n'kumagunda amuna awo ndi chigongono.

Ndinasanduka chozizwitsa cha mpingo. Koma chozizwitsa sachiitanira kuphwando. Anthu akamakamba nthabwala zolaula, chozizwitsa chikalowa amasintha nkhani. Ndipo palibe amene amachigwira m'chiuno.

M'malo mwa bere lodulidwalo ndinkavala loikirira, limene anandisokera telala wina wa m'gulu lathu la amayi amene anapulumuka ku khansa. Ndi la nsalu yofewa, m'kati muli siponji ndi timikanda kuti lizilemera ngati linzake. Ndinkalitcha Mlendo, chifukwa limabwera m'mawa n'kuchoka madzulo. Popanda Mlendo sindinkatuluka ngakhale kukataya zinyalala.

Gululo linkakumana Lachinayi masana m'kachipinda kena kuchipatala. Ndi malo okhawo amene achemwali ankandilola kupita ndekha.

3

Chibwenzi chinayambira pabenchi ya kuchipatala, tsiku lokamva zotsatira. Amene anadikirapo zotsatira akudziwa mmene zimakhalira. Kachiphuphu kalikonse kamene wakaona sabata imeneyo kamasanduka imfa. Ndinali nditakhala maola awiri pamene mwamuna wa imvi m'mbali mwa makutu anabwera n'kukhala kumapeto kwa benchi. Musandifunse kaye kuti anali ndani. Tizingomutcha Wa Lachinayi.

Sanandifunse kuti ndikupeza bwanji. Funso limenelo anthu khumi ankandifunsa tsiku lililonse, ndi nkhope ya pamaliro. Iye anangoyang'ana kumapazi kwanga.

"Nsapato zimenezi ndi zanu, kapena mwabwereka kwa agogo?"

Zinali nsapato zimene anandisankhira achemwali, zakuda, zafulati, zoyenera munthu wogona m'bokosi. Ndinayesa kukwiya, koma ndinaseka mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

Nditatuluka kwa adokotala ndi uthenga wabwino, ndinamupeza akadali pomwepo. Anandigulira ayisikilimu pageti. Shuga weniweni, abale, patatha zaka zitatu. Ndinanyambita ndi pepala lomwe.

Ntchito yake ndi yokonza zamagetsi, mawailesi, maketulo, mafani. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa shopu yake, momwe munali bedi, mpando umodzi, ndi mafani akufa khumi ndi awiri atandanda m'mbali mwa khoma ngati kwaya. Lachinayi lotsatira sindinapite kugulu. Ndinapita kumeneko. Ndinadziuza kuti ndikukakonzetsa chowumitsira tsitsi, ndipo ndinachinyamuladi, chili chabwinobwino.

Miyezi iwiri yoyamba tinkangomwa tiyi. Mwezi wachitatu ndinamulola kugwira dzanja lotupa lija. Analisisita kuyambira kuzala kukwera kuphewa, mmene namwino anandiphunzitsira, ine ndikumulamula ngati kapitawo. Mwezi wachinayi ndinati, "Tsekani katani."

Anatseka.

"Yang'anani kukhoma."

Anayang'ana kukhoma. Ndinavula bulauzi, ndinachotsa Mlendo, n'kuima pamenepo ndi chipsera changa chonga zipi yosokedwa ndi telala woledzera.

"Tembenukani. Koma mukalira ndikupita."

Anatembenuka. Anayang'ana nthawi yaitali, mmene amayang'anira wailesi asanaimasule.

"Chimapweteka?"

"Ayi. Pena sipamva kanthu n'komwe."

"Ndiye mundiuze pamene pamamva."

Zimene zinatsatira si za m'magazini. Ndingonena kuti mapiritsi aja amaumitsa thupi ndi kuziziritsa chilakolako, moti tinachita kuphunzira zonse ngati ana a sukulu, mothandizidwa ndi mafuta a m'sitolo ya mankhwala komanso kuseka kwambiri. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Achemwali anati ndi madzi obiriwira aja.

Panali funso limodzi lokha limene ankandifunsa Lachinayi lililonse ndikamavala nsapato.

"Kunyumba mudzawauza liti?"

"Posachedwa."

"Mwezi watha munati posachedwa."

"Ndiye kuti pano kwayandikira."

4

Tinatha miyezi isanu ndi itatu osagwidwa. Chinatigwiritsa ndi kutentha thupi kuja.

Lachinayi limenelo kunali dzuwa loswa mtengo. Magetsi anali atazima, ndiye ngakhale fani imodzi yokha yamoyo imene inali m'chipindamo inkangondiyang'ana pamodzi ndi zinzake zakufa. Thupi linayaka. Ndinachotsa Mlendo n'kumuika pamwamba pa wailesi ya kasitomala, ndinagona chagada, tulo n'kundiba. Ndinadzidzimuka 4 koloko itadutsa. Tsiku lomwelo Loya ankabwera kuchokera kukoleji, ndipo ndinali nditamulonjeza kuti andipeza pakhomo. Ndinavala mothamanga n'kutola chikwama. Wa Lachinayi anali kutsogolo mushopu akukangana ndi mwini ketulo ina, ndiye ndinangomukwezera dzanja n'kuthamangira basi.

M'basi bambo wina ankandiyang'ana pachifuwa, n'kuyang'ana kumbali, n'kundiyang'ananso. Ndinanyada. Ndinati chikondi chandibwezera ukongola.

Pabalaza ndinapeza anthu atatu: Loya, achemwali, ndi amayi abusa, amene anabwera kudzandipempha kuti ndikalankhule kumsonkhano wa amayi pa mutu wakuti "Kudzisunga pa nthawi ya mayesero". Ndinakumbatira mwana wanga. Ndinapereka moni kwa amayi abusa ndi manja awiri. Ndikutembenuka, achemwali anatsitsa magalasi awo mpaka pamphuno.

"Taima kaye. Wapendekeka."

"Ndi mawondo aja."

"Mawondo sakhala pachifuwa. Bere lili kuti?"

Ndinadzigwira. Panali bulauzi, kamisolo, ndi mphepo.

5

"Lagwera m'basi," ndinatero.

"Lagwa bwanji kamisolo ali womanga?"

"Mwina ndalisiya kugulu. Timaonetsana kasokedwe."

Achemwali anamwetulira kumwetulira kumene kunkaliza atsikana a sukulu yogonera. "Gulu liti? Dzana ndakumana ndi telala wanu uja kumsika. Akuti gulu linasamukira Lachiwiri kalekale, ndipo akukusowa. Ndimadikira kuti alendo apite ndikufunse bwino. Koma poti wabwera theka, uyankhe pompano. Lachinayi umapita kuti?"

Amayi abusa anayamba kufunafuna kanthu m'chikwama chawo, kanthu kamene munalibe. Koma sananyamuke. Palibe amene amanyamuka pa nkhani yotere.

"Amayi, muli ndi chibwenzi?" Loya anafunsa. Nkhope yake inawala. "Ngati muli nacho, ine ndasangalala. Munthu uja anakutayani ngati chinthu chotha ntchito. Amayi aakulu, asiyeni. Ndi ndani? Ndi dokotala?"

Ndikanavomera kuti ndi dokotala. Ndikanamupekera ndi galimoto yomwe. Koma nthawi yomweyo wina anagogoda pageti, katatu, mwaulemu, ndipo Loya anathamanga kukatsegula.

Ndinamva chitseko chachitsulo chikulira. Kenako mawu a mwana wanga, otsika.

"Mukufuna chiyani kuno?"

Tonse tinatulukira pakhonde. Pageti panaima Wa Lachinayi, sikuludiraiva ili m'thumba la malaya, jumbo yakuda ili m'manja. Anali atandiimbira kasanu, foni yanga ili pansi m'chikwama. Ankadziwa kuti popanda Mlendo mawa sinditsegula saluni. Ankadziwanso kuti Lachinayi madzulo achemwali amakhala kukwaya, ndiye anati angondipatsira pageti n'kubwerera. Zoti lero sanapite, ndiponso kuti Loya wafika kale, sanazidziwe.

"Wothawa!" achemwali anakuwa.

Inde, owerenga anga. Chibwenzi changa chinali mwamuna wanga yemwe, bambo ake a Loya.

6

"Mwaswera bwanji, alamu," anatero iye. Kenako anandiyang'ana n'kukweza jumbo pang'ono. "Munaiwala katundu."

Achemwali analanda jumboyo, anasuzumiramo, n'kuiponya ngati muli njoka. Mlendo anagubuduka pakhonde n'kukaima pafupi ndi nsapato ya amayi abusa.

Achemwali anamulozera chala. "Mulibe manyazi! Munamuthawa ali ndi mabandeji, lero mwamva kuti wanenepa mwabweranso kudzanyambita? Nawenso, chitsiru iwe, khansa inakudya ndi ubongo womwe?"

Mwamuna wanga anangoima, manja kumbuyo. Koma amene anandimaliza ndi Loya. Sanakuwe.

"Ine ndinkatsuka beseni limene amayi ankasanziramo," anauza bambo ake. "Ndinali ndi zaka 15. M'mawa ndinkalemba mayeso, masana ndikusesa tsitsi lawo pansi. Inu munali kuti? Kwa ine munafa. Anzanga onse kukoleji ndinawauza kuti bambo anga anamwalira."

Ndinaona mawu amenewo akumulowa. Anagwedeza mutu ngati munthu wovomera mlandu, n'kutembenuka kuti azipita. Zaka zinayi anali akuchita zomwezo, ndipo ine zaka zinayi ndinkangoonerera.

"Sanathawe," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Loya, bambo ako sanathawe. Ndinawathamangitsa ndine."

Ndinafotokoza pomwepo, pakhonde, ndili wopendekeka. M'mawa wina, patatha milungu itatu chichitikire opaleshoni, ndinali kubafa ndikusintha bandeji. Iye analowa osagogoda, akundibweretsera thaulo. Anaona bala, n'kuyamba kulira. Mwamuna amene sanalire pamaliro a mayi ake omubereka. Ine m'misozi imeneyo sindinaonemo chikondi. Ndinaona kunyansidwa. Ndinaona munthu amene azikhala nane chifukwa cha chifundo mpaka ndife. Loya ali kusukulu, ndinamulongedzera chikwama. Ndinamuuza kuti nkhope yake ikundidwalitsa kuposa matenda. Anakana kuchoka. Ndinati akapanda kuchoka ndisiya kulandira mankhwala, ndipo ankandidziwa kuti ndikhoza kuterodi. Anachoka. Anabwerako kambirimbiri Loya ali kusukulu, mpaka ndinasintha loko.

Achemwali atafika n'kufunsa kuti alamu awo ali kuti, ndinangoti, "Apita." Mawu amene ndinanena ndi okhawo. Zotsalazo anthu anamalizitsa okha, ndipo ine ndinapeza kuti mkazi wothawidwa amamveredwa chisoni kuposa mkazi wamantha ndi wamakani. Tsiku lililonse lokamva zotsatira, mwamuna wanga ankaima chapatali panja pa chipatala, kudikira kuti aone nkhope yanga ndikamatuluka. Tsiku la nsapato lija linali loyamba kulimba mtima n'kudzakhala pabenchi.

"N'zoona?" Loya anafunsa bambo ake.

"N'zoona."

"Bwanji simunandiuze? Ndinakutukwanani pafoni. Ndinakubwezerani mphatso zanu zonse."

"Amayi ako ankafunika munthu m'nyumba muno amene ali kumbali yawo ndi mtima wonse. Ndinaona kuti bola udane ndi ine. Ine sindinkadwala."

Loya anandiyang'ana. Ndinayang'anidwapo ndi madokotala onyamula uthenga woipa, koma sizinafike pamenepo. Analowa m'nyumba, anatenga chikwama chake chimene anali asanamasule n'komwe, n'kudutsa pakati pathu. Anapita kusiteji ya basi, mwana kutsogolo, bambo kumbuyo, osalankhulana.

Amayi abusa anatola Mlendo, anamusasa fumbi, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Za msonkhano zija," anatero, "tidzakambirananso."

7

Achemwali anasamuka sabata yomweyo. Anati sanakwiye kuti ndinali ndi mwamuna. Chinawawawa n'chakuti anatha zaka zinayi akutemberera munthu wosalakwa, ndipo matemberero ena anali apamwamba kwambiri. Asanakwere basi anadzera kushopu kukapepesa. Anapepesa ataimirira, mokweza mawu, moti makasitomala ankaganiza kuti akumukalipira.

Kutchalitchi ndinapempha kupereka umboni komaliza. Unali waufupi, ndipo palibe amene anati ameni. Amayi ena sandipatsanso moni. Koma atatu anabwera kusaluni mmodzimmodzi, tsitsi lawo lili bwinobwino, kudzandifunsa motsitsa mawu zinthu za m'chipinda zimene sanayerekezepo kufunsa adokotala awo.

Mwamuna wanga sanabwerere nthawi yomweyo. Anati, "Munandichotsa tsiku limodzi, koma kubwera ndibwera pang'onopang'ono." Ali ndi mkwiyo wake, ndipo pano amaunena. Ndimakhala pansi n'kumvetsera, ngakhale pakamwa pakuyabwa. Panopa amagona kunyumba masiku anayi pa sabata.

Loya amaimbirana ndi bambo ake tsiku lililonse. Ine anandisala miyezi itatu. Kenako Loweruka lina analowa musaluni, osapereka moni, n'kukhala pampando.

"Mundiluke."

Ndinamuluka maola asanu. Tinkangoyang'anana pagalasi. Nditatsala pang'ono kumaliza, anati, "Sindinakukhululukireni."

"Ndikudziwa."

"Mzere uwu wakhota."

Sunakhote. Ndinamasula n'kuyambiranso.

Owerenga anga, ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene anapulumuka ku matenda amenewa, musamuike pashelefu ngati mbale ya alendo. Akadali munthu. Amatopa, amaopa, amafuna kugwiridwa, ndipo amatha kulakwa kwambiri. Akalakwa muuzeni. Ine palibe amene anandifunsa kawiri, chifukwa wodwala satsutsidwa.

Ndipo iwe mnzanga wa bere limodzi, mantha aja satha tsiku limene adokotala akumwetulira. Amakhala, ndipo ukapanda kuwatchula amaluma amene ali pafupi. Anga analuma mwamuna wabwino, n'kulanda mtsikana bambo ake pa zaka zimene ankawafuna kwambiri. Zimenezo si khansa inachita. Ndine, ndili maso, popanda mankhwala ogonetsa.

Ndikali kumwa mapiritsi, ndikali kutuluka thukuta pakati pa anthu, ndipo mwezi wamawa ndikamvanso zotsatira. Ndikuopa, ndipo ulendo uno ndanena mokweza, patebulo, pakamwa pali chakudya. Mwamuna wanga anasiya kutafuna n'kunena kuti nayenso akuopa. Kenako tinayamba kulimbirana nyama yomaliza. Ndinapambana ine.